Madzi amene timalipira osawaona

Mu Harare mulibe doko. Mtsinje wathu ndi Mukuvisi, umene m'chilimwe mwana amaulumpha osanyowetsa kabudula, ndipo nyanja yathu ndi Chivero, imene madzi ake timamwa mokayikira. Komatu mukagula thumba la feteleza, tayala la kombi mumsewu wa Kaguvi, foni, mpunga, kapena belo la kaunjika ku Mbare, pa mtengo umenewo pali ndalama imene mwalipira sitima ya pamadzi. Katundu woposa maperesenti 80 amene mayiko amagulitsana, tikawerengera kulemera kwake, amayenda panyanja. Ife a m'mayiko opanda gombe timalipira ulendo wapanyanjawo ngati wina aliyense, kenako n'kulipiranso wachiwiri, wa pamtunda, umene nthawi zambiri ndiwo umapweteka kwambiri.

Ine ntchito yanga ndi ya mapepala a katundu, mu kaofesi kena ku Msasa. Tsiku lonse ndimakhalira kutsatira makontena amene sindinawagwirepo ndi dzanja: ili lafika ku Beira, ilo likadali ku Durban, lina alitsitsa padoko limene mwini wake sanalimvepo. Nyanja yamchere ndimaidziwa kudzera m'mainivoisi.

Amalume anga anabadwira ku Nsanje, koma akhala ku Mufakose kuyambira ine ndisanabadwe. Tikakumana pa msonkhano wa bungwe lathu la maliro, zosonkha zikatha, nkhani yawo imakhala imodzimodzi. "Mphwanga, doko lija la kwathu ku Nsanje, la pa mtsinje wa Shire, likanayenda, bwenzi feteleza tikugula theka la mtengo, kuno ngakhale kumudzi. Anthu ansanje ndi amene anatipha." Ndimawayankha kuti, "Amalume, nkhani yake ndi yaitali kuposa pamenepo," iwo n'kugwedeza mutu kuti ana obadwira m'tauni sadziwa Shire. Pa zimenezo akunena zoona, Shire ndimamudziwa pang'ono. Koma zimene ndimalephera kuwauza bwinobwino pamaso, chifukwa cha ulemu, ndi zimene ndikulemba pano.

Tiyambe ndi pamene akunena zoona, chifukwa pamenepo m'pakakulu. Palibe njira yonyamulira katundu wolemera imene imatchipa kuposa madzi. Baji ndi chombo chachitsulo, chafulati pansi, nthawi zambiri chopanda injini. Amamanga mabaji angapo pamodzi ndi zingwe zawaya, kumbuyo kwake n'kuikako kasitima kamphamvu kokankha. Pa mtsinje wa Mississippi ku America baji imodzi imakhala yaitali pafupifupi mamita 60 ndipo imanyamula matani okwana ngati 1,500. Thiraki yathu ya pamsewu wa Mutare imanyamula matani 30 basi. Ndiye kuti baji imodzi ndi mathiraki 50. Kumtunda kwa mtsinjewo amakonda kumanga mabaji 15 pamodzi, kumunsi kumene kulibe zipata zotsekera madzi amafika 30 ngakhale 40. Werengani nokha madalaivala, matayala, dizilo ndi maenje a pamsewu amene gulu limodzi lotero limapulumutsa. Mbewu zochuluka zimene America imagulitsa kunja, chimanga ndi soya, zimatsika ndi mtsinje umenewu kukafika ku New Orleans. Ku Ulaya nako, mtsinje wa Rhine umanyamula malasha, mafuta, zitsulo ndi makontena kuchokera ku Rotterdam mpaka ku Basel, m'dziko la Switzerland, limene lilibe gombe ngati ifeyo. Munthu wa ku Nsanje akamva zimenezi n'kuyang'ana Shire akungodutsa wopanda katundu, mtima ukapanda kumupweteka ndiye kuti alibe mtima.

Ndipo si maloto chabe, zinachitikapo. Njanji isanabwere, khomo la dziko la Nyasaland linali mtsinje. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anakwera Zambezi ndi Shire pa kasitima kotchedwa Ilala. Atafika pa mathithi anakamasula zidutswazidutswa, amtengatenga mazanamazana n'kusenza pamutu mpaka kumtunda kwa mathithiwo, kumene anakakalumikizanso. Kampani ya African Lakes, imene makolo athu ankaitcha Mandala, inayendetsa sitima ndi mabaji panjira imeneyi kwa zaka zambiri. Mu 1891 Angerezi anachita kubwereka malo ku Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja, kuti katundu wawo azitsikira pamenepo. Khofi, fodya ndi thonje zinkatsika, nsalu ndi mchere zinkakwera.

Chimene amalume sakonda kumva n'chakuti Azungu omwewo, amene ankakonda phindu kuposa aliyense, anausiya mtsinjewo okha, popanda wowathamangitsa. Shire ankaphwa. M'chilimwe sitima zinkatitimira mumchenga, doko n'kumasunthira kumunsi chaka ndi chaka: kuchoka kufupi ndi Chikwawa kupita ku Chiromo, kuchoka ku Chiromo kupita ku Port Herald, imene ndi Nsanje ya lero. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti madzi anasiya kutuluka bwinobwino kulowa mu Shire. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ina yochokera ku Beira inafika pagombe la Zambezi mu 1922, chaka chomwe namondwe anasakaza Chinde, ndipo mlatho wa njanji wa Dona Ana, wowoloka Zambezi, utatsegulidwa mu 1935 nkhani ya mabaji inathera pomwepo. Agogo athu aamuna amene ankabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ena pansi ena pa malole onyamula anthu mwaulere otchedwa Ulere, Zambezi ankangomuwoloka pa pantoni ku Tete. Sanali njira yawo, anali chopinga.

Tsono tifike pa 23 October 2010. Tsiku limenelo pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, limene linamangidwa ndi kampani ya Mota-Engil. Robert Mugabe anapitako, Rupiah Banda wa ku Zambia anapitako, ndipo kuno anthu a kwathu anaonera pa wailesi yakanema monyadira. Cholinga chinali chakuti katundu aziyenda makilomita pafupifupi 240 kuchoka ku Nsanje kukafika ku Chinde. Koma Armando Guebuza wa ku Mozambique sanabwere, ndipo baji ya feteleza imene inayenera kufika anthu akuvina inagwidwa ndi akuluakulu a boma la Mozambique isanafike. Iwo ankati mtsinjewo sungatsegulidwe popanda kafukufuku woona mmene kukumba ndi kuyendetsa zombo kungakhudzire chilengedwe. Kuyambira pamenepo doko lija langokhala chikonkire m'mphepete mwa madzi, pamene asodzi amakocheza mabwato awo.

Kodi inali nsanje? Mbali ina n'kutheka. Mozambique imapeza ndalama pa madoko a Beira ndi Nacala, pa njanji, ndi pa thiraki iliyonse ya ku Malawi kapena ya kuno imene imadutsa m'dziko lawo. Palibe mwini golosale amene amakulambulira njira yopita kwa mnzake. Koma ndikamaganiza mofatsa, ndimaona kuti kumanga doko usanagwirizane ndi mwini mtsinje wakumunsi kunali kuika nkhuku pamoto mlendo asanavomere kubwera. Mbali yaikulu ya ulendowo ili m'dziko la eni. Rhine amene timamusirira uja ali ndi bungwe la mayiko loyang'anira kayendedwe ka zombo kuyambira 1815, ndipo pangano la ku Mannheim la 1868 ndi limene limalola chombo cha dziko lina kudutsa mwaufulu. Anayamba ndi siginecha, konkire inabwera pambuyo.

Ndipo kuti muone kuti sanakanize Amalawi okha, tamverani za Rio Tinto. Mu 2011 kampani yaikulu ya migodi imeneyi inagula kampani ya Riversdale, imene inali ndi malasha ku Tete, pa ndalama zoyandikira madola 4 biliyoni. Masamu awo onse anatsamira pa mabaji: malasha azitsika ndi Zambezi mpaka kunyanja. Boma la Mozambique linakana. Mu January 2013 kampaniyo inalengeza kuti yataya pafupifupi madola 3 biliyoni pa malasha amenewo, mkulu wake Tom Albanese n'kutula pansi udindo, ndipo mu 2014 mgodiwo anaugulitsa kwa Amwenye pa madola 50 miliyoni okha. Anzawo a Vale, a ku Brazil, amene ankakumba malasha ku Moatize komweko, anasankha njanji ya makilomita oposa 900 yodutsa m'Malawi kukafika ku Nacala. Inadya ndalama zoopsa, koma malasha akuyenda mpaka lero. Ndikawauza amalume zimenezi amangoti, "Ndiye kuti a Bingu sanali okha." Eya, sanali okha.

Koma ngakhale mawa lino Maputo itati yasayina, vuto lalikulu likhalapobe, ndipo ndi lomwe likusautsa eni mabaji padziko lonse masiku ano: madzi akuchepa pa nthawi imene akufunika. Mu 2018, kenako mu August 2022, Rhine anaphwa moti pa Kaub, malo amene amalonda onse a ku Germany amayang'anira, choyezera madzi chinatsika kufika cha m'ma sentimita 30. Mabaji ankanyamula gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a katundu wake kuti asakhudze pansi, mtengo wonyamulira n'kukwera kangapo, mafakitale ena n'kuchepetsa ntchito. Mu October 2022 Mississippi anatsika pa Memphis kuposa kale lonse, ndipo mu October 2023 anatsikanso kuposa pamenepo, nthawi yeniyeni yokolola. Mabaji zikwizikwi anaima pamzere kudikira kuti makina akumbe njira. Amenewa ndi mayiko amene boma limathira ndalama chaka chilichonse kuchotsa mchenga. Ku America asilikali a zomangamanga ndi amene amaonetsetsa kuti njira ya zombo isachepere mafiti 9 kuya kwake. Mtsinje umatchipa kwa wamalonda chifukwa wina wake, kwinakwake, akulipira kuukonza. Zimenezi m'zolankhula za andale simuzimva.

Ndiye taganizani za Shire wa lero. Mapiri a kumtunda anametedwa mpala ndi makala, mvula ikagwa dothi lonse limatsikira kuchigwa. Ruo amabwera ndi mchenga wake, namasupuni amatseka pamwamba, ndipo namondwe Freddy wa mu March 2023 anasonyeza kuti mitsinje imeneyi ikhoza kusintha njira usiku umodzi. Zambezi naye kumunsi kwake ndi wotambalala koma wosaya, timitsinje take timasuntha chaka ndi chaka, ndipo kuchuluka kwa madzi ake kumadalira zimene akuchita pa madamu a Kariba ndi Cahora Bassa. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa za Kariba. Mu November 2022 bungwe loyang'anira Zambezi linalamula kuti mbali ya Zimbabwe isiye kaye kupanga magetsi chifukwa madzi opangira magetsi anatha, ndipo chilala cha 2024 tinachimva m'mimba ndi mumdima momwe. Chaka chimene tikufuna chimanga chambiri chochokera kunja ndi chaka chomwecho chimene mtsinje ulibe madzi onyamulira chimangacho. Walira mvula walira matope: mvula ikachuluka doko limamira, ikachepa baji imakhala pamchenga.

Sitima zikuluzikulu za m'nyanja yamchere nazo sizinapulumuke. Ngalande ya Panama imayendera madzi a mvula a m'nyanja ya Gatun; sitima iliyonse ikadutsa, madzi ambirimbiri amatayikira kunyanja. Chilala cha 2023 chinachititsa kuti sitima zodutsa pa tsiku zitsike kuchoka pa 36 kufika pa 22. Nthawi yomweyo, kuyambira November 2023, gulu la Houthi la ku Yemen linayamba kuwombera ndi kulanda sitima pa Nyanja Yofiira, ponena kuti likuchitira nkhondo ya ku Gaza. Makampani aakulu monga Maersk, MSC ndi Hapag-Lloyd anasiya ngalande ya Suez n'kuyamba kuzungulira ku Cape, ulendo umene umawonjezera masiku 10 kapena kuposa. Sitima ina yotchedwa Rubymar inamira mu March 2024 itanyamula feteleza, ndipo mwezi womwewo amalinyero atatu anafa pa sitima ya True Confidence.

Makasitomala anga ambiri ankandifunsa funso limodzi, ndipo ndi funso lanzeru. Mayi wina amene amaitanitsa nsapato ku China anati, "Achimwene, katundu wanga amachoka ku Guangzhou kubwera ku Beira. Suez akulowapo bwanji? Musandibere m'maso muli gwa." Zoona, kontena lake silidutsa ku Suez. Koma sitima ndi makontena padziko pano zili ndi chiwerengero. Ulendo wa ku Ulaya ukatalika ndi masabata awiri, pamafunika sitima zambiri kuti katundu yemweyo ayende, ndipo kampani imachotsa sitima kunjira zimene zimalipira pang'ono, monga yathuyi, kukaziika kumene kuli ndalama. Makontena opanda kanthu amachedwa kubwerera ku China, ndiye amasowa, ndiye amadula. Tinaziona kale nthawi ya Covid, pamene mtengo wa kontena la mafiti 40 panjira zikuluzikulu unachoka pa madola osakwana 2,000 n'kupitirira 10,000 mu September 2021. Tinazionanso pang'ono mu March 2021, sitima ya Ever Given itapingasa mu Suez kwa masiku 6. Kuwonjezera apo, tirigu ndi feteleza wochokera ku Black Sea ndi ku Ulaya wopita kugombe la kum'mawa kwa Africa njira yake yachidule ndi ya Suez yomweyo. Buledi wa ku Mbare ali pa ubale ndi Yemen, kaya tifune kaya tisafune.

Ena ankati popeza sitima zonse zikudutsa ku Cape, madoko a kum'mwera kuno alemera. Sizinatero kwenikweni. Zambiri zimangodutsa, mwina kuima kumwa mafuta. Durban inali kale ndi mavuto ake: mu July 2021 akuba a pa intaneti anasokoneza makompyuta a Transnet, kampani ya boma yoyendetsa madoko a ku South Africa, mu April 2022 madzi osefukira anawononga misewu ndi njanji zolowa padoko, ndipo kumapeto kwa 2023 sitima makumimakumi zinaima panja kudikira malo chifukwa makina okwezera makontena anali okalamba. Beira ili pafupi nafe, makilomita ngati 560 poyerekeza ndi oposa 1,600 a ku Durban, ndipo kampani ya Cornelder imene yakhala ikuyendetsa dokolo kuyambira 1998 yalikuza ndithu. Koma Beira ili pamathiriro a mtsinje wa Pungwe, njira yake yolowera imafuna kukumbidwa nthawi ndi nthawi, ndipo sitima zonyamula makontena 20,000 sizifikako. Katundu wathu kawirikawiri amatsitsidwa kaye padoko lina n'kukwezedwa pa sitima yaing'ono. Namondwe Idai wa mu March 2019 anatikumbutsa kuti mzindawo uli pafupifupi pamlingo umodzi ndi nyanja. Ndipo zipolowe zotsatira chisankho cha ku Mozambique kumapeto kwa 2024 zinatiphunzitsa kuti msewu ukhoza kutsekedwa ndi matayala oyaka, nyanja ili bata.

Pano ndiye pamene ndimasiyana kwenikweni ndi amalume. Iwo amaona ngati chimene chimatidula ndi kutalika kwa mtunda, ndiye mankhwala ake ndi kubweretsa madzi pafupi. Ine pa desiki yanga ndimaona kuti chimene chimatidula kwambiri ndi kuima. Kontena likatsika padoko, kampani ya sitima imakupatsa masiku owerengeka aulere. Akatha amenewo, wotchi imayamba kuwerenga madola tsiku lililonse, mpaka utabweza chibokosi chawo chopanda kanthu kudoko. Wamalonda wa ku Beira amabweza mawa lake. Wa ku Harare ayenera kupeza thiraki, kudikira mapepala, kuima pamzere pa boda ku Machipanda ndi ku Forbes, kukwera chitunda cha Christmas Pass ku Mutare, kutsitsa katundu, kenako kulipira thiraki yobweza bokosi lopanda kanthu ulendo wonsewo. Nthawi zambiri amafunanso ndalama ya chikole usanalitenge n'komwe, poopa kuti bokosi lawo likakhala shopu ku Epworth. Ndaonapo wamalonda wamng'ono akusiya katundu wake padoko chifukwa ndalama za kuchedwa zinaposa mtengo wa katunduyo. Pepala limodzi lolembedwa molakwika, kapena netiweki ikagwa pachipata, zimadya phindu limene akanapeza pa miyezi itatu. Si zachilendo kuti kuchotsa kontena ku Beira kufika nalo ku Harare kudule mofanana, kapena kuposa, kulichotsa ku China kufika nalo ku Beira.

Baji siithetsa zimenezi, imaziwonjezera. Katundu wochokera kunja atsike pa sitima yaikulu, akwere pa baji, atsike pa baji, akwere pa thiraki kapena sitima ya pamtunda. Kukweza ndi kutsitsa kulikonse ndi ndalama, ndi masiku, ndi mpata woti thumba libooke kapena lisowe. Baji imapindula pamene pali katundu mmodzimodzi wambiri, woyenda mtunda wautali, chaka chonse, ndiponso pamene pali china chobwerera nacho. Mississippi amatsitsa chimanga n'kukweza feteleza, mchere ndi zitsulo. Ku Nsanje feteleza angakwere miyezi itatu kapena inayi mvula isanagwe. Nanga miyezi inayo? Shuga wa ku Nchalo alipo, inde, koma fodya ali ku Lilongwe ndi ku Kasungu, tiyi ali ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo eni ake amafuna kontena lotsekedwa bwino lofika tsiku lodziwika. Kwa ife a Harare ndiye nkhani yake palibe n'komwe: kuchoka kuno kupita ku Nsanje n'kutali kuposa kupita ku Beira.

Madalaivala ndi amene amadziwa bwino zonsezi, ndipo ambiri a iwo ndi ana a kwathu. Mukapita kumalo oimikapo mathiraki cha ku Msasa kapena pamsewu wa ku Nyamapanda madzulo, mumva Chichewa chikulankhulidwa pafupi ndi mbaula, nsima ili pamoto. Mnyamata wina wa ku Dedza amene amanyamula mafuta anandiuza kuti, "Akulu, ife kuyendetsa si ntchito. Ntchito ndi kudikira." Amagona m'thiraki pa boda, ndalama ya chakudya n'kutha ulendo usanafike pakati. Amandikumbutsa amalinyero a pa sitima, amene nawonso dziko limawaiwala: nthawi ya Covid, mu 2020, pafupifupi 400,000 anatsekeredwa panyanja makontirakiti awo atatha, opanda dziko lowalola kutsika. Sitima zambiri zimalembetsedwa ku Panama, Liberia kapena Marshall Islands pamene eni ake ali kwina, ndipo mwini akagwa mphwayi kapena akashota ndalama, amangoisiya sitimayo padoko lachilendo ndi anthu ake momwemo, osalipidwa.

Palinso mtengo wina umene ukubwera, wa utsi. Sitima zapamadzi zimatulutsa pafupifupi maperesenti 3 a mpweya umene ukutenthetsa dziko. Mu 2020 bungwe la IMO, loyang'anira za sitima zapamadzi padziko lonse, linatsitsa mlingo wa salifa wololedwa m'mafuta a sitima kuchoka pa maperesenti 3.5 kufika pa 0.5, ndipo mu 2023 mayiko anagwirizana kuti pofika cha m'ma 2050 utsiwo ukhale utatheratu. Mayiko a European Union anayamba kulipiritsa sitima chifukwa cha utsi mu January 2024. Ndilibe nazo mkangano zimenezi. Chilala chimene chikuumitsa Kariba sichinagwe kumwamba chokha. Koma ndikudziwa kumene bilu yake ikathere. Kampani ya sitima imangowonjezera mzere wina pa inivoisi, ine n'kuutumiza kwa mayi wa nsapato uja, iye n'kuuika pa nsapato ya mwana wa sukulu ku Dzivarasekwa, amene sanakwerepo ngakhale bwato.

Sindikunena kuti madzi athu alibe ntchito. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndi yakuya, ndipo sifunika kupempha chilolezo kwa aliyense kuti uchoke ku Chipoka kupita ku Chilumba. Ilala ya masiku ano, imene inayamba kuyenda mu 1951, ikadali moyo wa anthu a ku Likoma ndi Chizumulu. Chipoka ili ndi njanji pafupi. Simenti, feteleza, malasha a ku Rumphi ndi mafuta zikanamayenda pamenepo, msewu wa M1 ndi zitunda za Chiweta zikanapumako. Ngati pali malo amene gulu la mabaji lingadzilipire lokha kwathu, ndi pamenepo, ngakhale kuti nayonso nyanjayo imasewera: zaka zina doko limakhala pamchenga, pamene mu 2024 madzi anadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Kariba naye amanyamula anthu, magalimoto ndi matemba pakati pa tauni ya Kariba, Binga ndi Mlibizi. Izi ndi ntchito zazing'ono, zopanda mwambo wodula riboni wa mapulezidenti atatu, ndipo mwina n'chifukwa chake palibe amene amazikonda.

Ndipo chinthu chimene chimagwira ntchito kwambiri pa njira yathu ya ku Beira n'chimene sitichiona n'komwe. Pansi pa nthaka pali paipi yochoka ku Beira kufika ku Feruka, pafupi ndi Mutare, ndi ina yopitiriza kudzafika ku Msasa kuno, kufupi ndi kumene ndimakhala pa ntchito. Mbali yaikulu ya petulo ndi dizilo wa dziko lino imadutsa mmenemo, usana ndi usiku, osaima pa boda. Kufunika kwake kunaoneka kalekale: Ian Smith, mtsogoleri wa boma la Azungu la Rhodesia (Zimbabwe ya lero), atalengeza ufulu wake mu 1965, sitima zankhondo za Britain zinalondera kunja kwa Beira kuyambira 1966 mpaka 1975 kuti mafuta asalowe m'paipimo, ndipo m'zaka za m'ma 1980 asilikali a Zimbabwe anakagona m'tchire la Mozambique kuteteza paipiyo, njanji ndi msewu kwa gulu loukira boma la Renamo. Ena mwa amene anafera kumeneko anali ana a anthu a ku Malawi obadwira ku Mbare ndi ku Highfield. Njira imeneyi inagulidwa kale, ndipo inagulidwa modula.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Njanji yochoka ku Beira kudzera ku Machipanda, Mutare, Rusape ndi Marondera inafika mumzinda uno mu 1899. A ku Mozambique anakonza mbali yawo n'kuitsegulanso mu 2023. Mbali yathu ikudikirabe mainjini, mabogi ndi zitsulo zatsopano, pamene lifiyamu wa ku Goromonzi ndi ku Bikita, kuromu, miyala ya ku Mutoko ndi mabelo a fodya zikupita kudoko pa matayala, zikuphwanya msewu umene tonse timalipira pa tolgeti. Katundu wolemera, wamtundu umodzi, wa chaka chonse, amene baji imafuna uja, tili naye, ndipo feteleza ndi tirigu wobwerera naye aliponso. Sitima imodzi ya mabogi 30, bogi lililonse matani 40, ndi matani 1,200. Amenewo ndi mathiraki 40 amene sakanaima pamzere ku Forbes tsiku limenelo, ndipo mapepala ake ndikanalemba kamodzi.